Wonyamula Wailesi wa pa Mlatho

"Unkadziwa iwe," ndinatero ndikumenyetsa ketulo pa mbaula. "Usayerekeze kundiuza kuti sunkadziwa."

Mlongo wanga anali chilili pakhomo la khitchini, makiyi a galimoto ya kuntchito ali m'manja, maso ali pa simenti.

"Achemwali, tsitsaniko mawu. Bambo akumva."

"Amve! Dzulo dziko lonse laona, ndiye ine lero ndizinong'ona? Anabweretsa anthu a kanema m'nyumba muno ndani? Ankawanyamula kupita nawo kumtsinje ndani?"

"Ine ntchito yanga ndi chiwongolero. Sewero sindilemba ine."

"Tsiku limene ankajambula zimene tinaonera dzulo zija unali kuti?"

Anayamba kuseweretsa makiyi aja. Ndinadikira mpaka madzi a m'ketulo anayamba kulira.

"Ndinali pomwepo," anatero pomaliza.

"Ndiye madzulo ake unabwera kuno, n'kukhala nawo patebulo limodzi, osawatsina khutu n'komwe?"

"Ndikanati chiyani? Mlamu wanuyu ali ndi pakati potopa. Ntchito ina ndikaipeza kuti? Ndinkati mwina adzadula, paja amajambula zambiri n'kutaya."

"Aduladi. Adula khosi la bambo ako."

Anatuluka, ndipo ndinamva galimoto ikubwerera chambuyo mofulumira ngati yothawa ngozi.

Kumaso kwa nyumba yathu kunali kachipinda koyang'ana kumsewu, ndipo m'menemo ndimo bambo ankakonzera mawailesi, makanema ndi mafoni. Anthu onse ankawatcha a Wailesi. Dzinalo silinachokere pa ntchitoyi ayi, linachokera kunkhondo, kumene ali mnyamata ankanyamula wailesi ya asilikali kumsana. Anabwerako khosi litapendekera kumanzere chifukwa cha kachitsulo ka bomba kamene madokotala analephera kuchotsa, komanso ali ndi chibwibwi chimene analibe popita. Za kumeneko sankakamba. Mayi athu anamwalira osamva ngakhale theka la nkhani yake.

Anatsegula pakamwa chaka chatha, pamene mlongo wangayo anabwera ndi mabwana ake amene ankakonza sewero la pa kanema lonena za nkhondo ya pa mlatho. Anati akufuna zenizeni, osati zongoyerekeza. Bambo anakana, anakananso, kenako anavomera, ndipo atayamba sanasiye. Anawaphunzitsa anyamata osewerawo kuti munthu wowomberedwa sadumpha n'kukuwa, amangokhala pansi ngati watopa. Anawauza kuti bomba likaphulika pafupi sumva kugunda, umangomva udzudzu m'khutu, ndipo kuti wokwawa m'matope amateteza mfuti, osati nkhope. Mnyamata amene anapatsidwa malo a wonyamula wailesi ankaswera pabenchi pawo, akuwatcha agogo, akuwayang'anitsitsa akamalankhula.

Ndinali pomwepo tsiku limene anafotokoza za pa mlatho. Anati gulu lawo litazingidwa, kaputeni wawo anakwera galimoto imodzi yokha imene anali nayo, n'kunena kuti akukatenga anzawo. Sanabwerenso. Bambo anatsala akuitana pa wailesi mpaka batire linatha. Mnzawo wapamtima atavulala m'mimba, anamubereka kumsana pamwamba pa wailesiyo, n'kuwoloka naye kumunsi kwa mtsinje, ndipo anafera pamsana pawo asanafike kutsidya. Mnzawoyo anali mwamuna wa amayi a mapasa, oyandikana nafe nyumba. Kaputeni uja masiku ano ndi jenerale wopuma, munthu wa mafamu ndi malole, woitanidwa pa mwambo uliwonse.

Magawo oyamba a sewerolo tinkaonera monyadira, Lachisanu lililonse madzulo, amayi a mapasa ali pampando wawo wa nthawi zonse pabalaza pathu. Bambo ankagwedeza mutu n'kumati, "E-eya, ndi momwemo."

Dzulo lake la tsiku limene ndinakangana ndi mlongo wanga lija ndiye linali gawo la pa mlatho. Utsi, matope, kulira kwa mfuti, zonse zinali ndendende, moti bambo anagwira mkono wa mpando. Kenako kanema anaonetsa wonyamula wailesi, khosi lopendekera kumanzere, akuchita chibwibwi ndi mantha. Kaputeni anamukuwira kuti aitane thandizo. Iye anavula wailesi ija, n'kuiponya mumtsinje, n'kuliyatsa liwiro kulowa m'tchire. Amene anabereka wovulala uja n'kuwoloka naye, zipolopolo zikugwa m'madzi ngati mvula, anali kaputeni.

Amayi a mapasa anadzuka, n'kutuluka osatsanzika.

Mlongo wanga atachoka m'mawa uja, ndinawapititsira bambo tiyi. Ndinawapeza atawerama pa foni ya munthu, kansimbi kowotcherera mawaya kali m'manja, koma sanali atakalumikiza ku magetsi. Ndisanaike kapu pansi, amayi a mapasa analowa atanyamula wailesi yaing'ono imene bambo anawapatsa kalekale. Anaiika pabenchi.

"Ya-yawonongeka, mlamu?" anafunsa bambo.

"Ili bwinobwino. Tengani zinthu zanu."

"Mayi, khalani kaye pansi," ndinatero. "Zimene tinaona zija ndi bodza."

"Iwe mwana, khala chete, unali usanabadwe." Anatembenukira kwa bambo. "Kamluzu kaja, kamene mwamuna wanga ankaimba akamanga nsapato, anthu a kanema anakamva kwa ndani?"

"Kwa ine."

"Zoti ankasunga supuni m'sokosi anawauza ndani?"

"Ndi-ndine."

"Ndiye zonsezo n'zoona. Ndamuona mwamuna wanga dzulo, mayendedwe ake, kuseka kwake. Ndinatsala pang'ono kumuitana. Zonse zoona, kupatula pamene pakukhudza inuyo basi?"

"Mlamu, ine sindina-, sindina-" Akakhumudwa chibwibwi chinkawamanga kotheratu.

"Zaka zonsezi ndimadzifunsa kuti munthuyu ndi wotani. Denga likadontha, a Wailesi. Ana akadwala, a Wailesi. Anawo akafuna ntchito, a Wailesi. Abale enieni a mwamuna wanga sanachitepo zimenezo. Ndinkati ndi mtima wabwino. Kani mumalipira mlandu."

"Mayi, musatero," ndinatero misozi ikulengeza. "Mwakhala nawo moyo wanu wonse. Mukhulupirire bokosi lagalasi kusiya munthu?"

"Munthuyo anandiuza chiyani? Zaka zonsezi mawu ake anali amodzi, akuti anamwalira ine ndili pomwepo. Ndikafunsa zambiri, ankaloza khosi n'kutuluka. Munthu wosalakwa amabisa chiyani?"

Anatuluka. Bambo anatenga kawailesi kaja, anakapukuta fumbi ndi malaya awo, n'kukaika pashelefu ya zinthu zodikira eni ake.

Sabata imeneyo eni katundu anabwera mmodzimmodzi kudzatenga zinthu zawo, zina zili chitsegulire, mawaya ali panja. Wogulitsa nyama pamsika anandipatsa oda yanga osandiyang'ana. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinati ndikulemba pabolodi ndinamva kuseka, ndipo nditacheuka ndinapeza mzere wonse wakumbuyo utapendeketsa makosi kumanzere. Aphunzitsi aakulu anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti makolo ena akudandaula, mwina ndisiye kaye kuphunzitsa mbiri ya dziko, nditenge masamu. Pa chitseko cha kachipinda ka bambo wina analembapo ndi makala kuti LIWIRO.

"Tipite kwa anthu a kanemawo," ndinawauza bambo. "Akonze zimene awononga."

Mlongo wanga anakana kutitenga pa galimoto ya kuntchito, choncho tinakwera basi. Malo awo anali nyumba yaikulu yosungiramo katundu imene anaigawa zipinda ndi matabwa. Tinadutsa pakati pa mizere ya mayunifomu opachikidwa, nsapato zopakidwa matope mwadala, ndi zigubu za magazi abodza onunkhira ngati manyuchi. Pakona panali wailesi ya kumsana. Bambo anaima, n'kuigwira lamba.

Mkulu wa sewero, bambo wachinyamata wa ndevu zometa bwino, anatuluka manja ali tambasu.

"Madala! Katswiri wathu! Mwamva kuti atitamanda mpaka kunja? Akuti sanaonepo nkhondo yojambulidwa moona chonchi. Batani lililonse, lamba aliyense, kalankhulidwe ka pa wailesi. Zonsezo ndi inu."

"Ndiye mwawathokoza powasandutsa wamantha?" ndinafunsa.

Kumwetulira kunachepa. Anatilowetsa mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Chemwali, sitinatchule dzina la munthu aliyense. Uja ndi wonyamula wailesi chabe."

"Pa mlatho paja onyamula wailesi analipo angati? Nanga a khosi lopendekera? Khosilo linapendekera tsiku lomwelo, madzulo ake, koma inu mwamupendeketsa kuyambira gawo loyamba kuti aliyense awazindikire."

"Zimenezo ndi luso la wosewera. Anaona kuti zikumukhala. Komanso kumayambiriro timalemba kuti zina mwa zochitikazi n'zopeka."

"Timawu timene timadutsa ngati mphenzi tija?"

Anapumira m'mwamba, n'kukanda ndevu.

"Ndikuuzeni zoona, poti madala ndimawalemekeza. Poyamba tinalemba monga momwe anatiuzira. Galimoto ija inalimo, kaputeni akuchoka. Koma taganizani. Mfuti zimene mwaona zija ndi zenizeni za nthawi imeneyo. Malole aja, mahema, asilikali mazanamazana othamanga kumbuyo, chilolezo chotseka mlatho, mukuganiza kuti tinazitenga kuti? Amene anatibwereka anapempha kuwerenga kaye. Atawerenga anati gulu silingagonje chifukwa cha mtsogoleri, papezeke chifukwa china."

"Ndiye chifukwacho mwachipeza m'nyumba mwathu."

"Tikanakana tikanajambula ndi mfuti zamitengo. Ndani akanaonera? Ana a masiku ano akanadziwa bwanji kuti kunali nkhondo ya pa mlatho? Pano akudziwa. Anthu amene anafa aja akukumbukiridwa."

Bambo anali atawerama, chipewa chili pamaondo. Tsopano anadzutsa mutu.

"Mwa-mwananga, zoti ndinathawa, ka-kaya. Koma uja ndinamubereka ndine. Ma-magazi ake analowa m'wailesi. Mu-mundibwezere zokhazo."

Mkulu uja anayang'ana pawindo.

"Madala, gawo linaulutsidwa kale. Oonera amukonda kaputeni. Mwina tikadzapanga chigawo chachiwiri tidzaona pokonza."

Potuluka tinakumana ndi mnyamata wosewera uja, khosi lake lili chilili bwinobwino. Anathamangira bambo n'kuwakumbatira.

"Agogo! Mukudziwa kuti dzana amayi ena anandigenda ndi tomato pamsika? Akuti wamantha iwe! Ndinaseka mpaka misozi. Abwana akuti munthu akagendedwa ndiye kuti wasewera bwino."

"Wa-wasewera bwino," anatero bambo.

Mu basi ndinakumbukira a Sajeni. Mwa onse amene anapulumuka pa mlatho, amoyo anatsala awiri, bambo ndi iwowo, osawerengera jenerale. Ankakhala ku nyumba za asilikali opuma, kunja kwa tauni, ndipo matenda a shuga anali atawadula mwendo. Tinapita Loweruka lotsatira. Tinawapeza pakhonde, pa njinga ya olumala, akuwothera dzuwa.

"Wailesi! Ukadali moyo, galu iwe?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Bwera ndikuone. Khosi lija silinawongoke? Ine ndiye akundidula pang'onopang'ono ngati buledi."

Anacheza za anzawo amene anatsogola, za mankhwala, za maso amene ayamba kuchita nkhungu. Ine ndinalephera kupirira.

"A Sajeni, sewero lija mukuonera?"

Nkhope yawo inagwa.

"Ndikuonera, mwanawe. Mfutizo zikulira ndendende. Gawo lija nditaonera sindinadye."

"Ndiye mukudziwa kuti bambo sanathawe."

"Kuthawa? Uyu? Ndinachita kumukoka ine kuti asiye kukuwira wailesi yakufa. Galimoto ija ndinaiona ndi maso angawa ikukwera chitunda, fumbi lili kobo. Ine ndi iyeyu tikudziwa."

Ndinasendera pafupi nawo. "Ndiye tiyeni mukanene. Ku nyumba youlutsira mawu, kapena kwa amayi a mapasa okha. Ndibwera ndi galimoto."

A Sajeni analoza m'mwamba ndi chala.

"Denga ili ndi la bungwe la asilikali opuma. Wapampando wa bungwelo ukumudziwa, ndi jenerale yemwe uja. Njinga ndakhalirayi yalembedwa dzina lake kumbuyoku, tayang'ana. Jakisoni wanga amachokera komweko. Ndikatsegula pakamwa lero, mawa ndikagona kuti ndi mwendo umodzi? Kwanu?"

"Kwathu malo alipo."

"Ndipo ndani angamvere nkhalamba ziwiri, ina yachibwibwi, ina yoiwalaiwala? Adzati kaduka. Iwo ali ndi zithunzi, ife tili ndi pakamwa." Anagwira dzanja la bambo. "Wailesi, undikhululukire. Pa mlatho sindinakusiye. Lero ndakalamba."

"U-usadandaule," anatero bambo. "Dzu-dzuwa lakupsereza, ndikulowetse m'nyumba?"

Ndipo anawakankha pa njinga ija mpaka m'chipinda.

Pafupi ndi msika wathu pali holo imene anyamata amaonetsamo mpira pa kanema wamkulu. Sewero lija litatchuka anayamba kumabwereza magawo ake Lamlungu masana, ndipo la pa mlatho ndilo anthu ankalipempha kwambiri. Lamlungu limenelo ndinaona bambo akusita malaya oyera. Anavala, n'kupesa tsitsi, n'kupukuta nsapato.

"Mukupita kuti?"

"Ku-kuholo. Ndikanene ndekha."

"Bambo, musapite. Anthu aja sakufuna kumva."

"Ndi-ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndi chimene chandipweteka."

Ndinawatsatira. M'holomo munali modzaza, motentha, mawindo atatchingidwa ndi makatoni. Ndinaona amayi a mapasa pabenchi lakutsogolo, pakati pa ana awo awiri aja, amene tsopano ndi abambo a ndevu zawo, wina wowotcherera zitsulo, wina kondakitala. Ndinamva pambuyo pake kuti mayiwo sankaphonya, ankabwera kudzaona mwamuna wawo akuimba kamluzu.

Wonyamula wailesi atangoyamba kuvula malamba, bambo anadutsa pakati pa mabenchi n'kukaima kutsogolo kwa kanema. Anakweza dzanja. Mnyamata woonetsa anaimitsa chithunzi, ndipo chinaima pa nkhope ya wosewera uja, khosi lili kumanzere, pakamwa pali yasa. Pansi pake panali bambo, khosi lili kumanzere.

"A-a-abale anga," anayamba. "I-ine ndi-ndi-ndi-"

Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete. "Ndi yemweyo! Taonani, ndi yemweyo ndendende!"

Holo yonse inagwa nacho chiseko. Mafoni anakwera m'mwamba, timagetsi tawo tikuwalira bambo kumaso.

"Si-sindinataye wa-wa-wa-"

"Wa-wa-wa-wailesi!" gulu la anyamata linawamalizira, likuwomba m'manja.

"Abwereze! Akuposa wa pa kanemayo!"

"Madala, tationetsani liwiro lija!"

Ndinakuwa kuti akhale chete, kuti awamvere, kuti kaputeni ndiye anachoka ndi galimoto, koma mawu anga anamira. Bambo anapitiriza. Milomo inkanjenjemera, mitsempha ya pakhosi itatupa, dzanja likufotokoza zimene pakamwa pankakana. Anawerama pang'ono n'kuika manja kumbuyo, kusonyeza mmene anamuberekera mnzawo. Anthu anaganiza kuti akusonyeza mmene anavulira wailesi, ndipo chiseko chinakula.

Amene sanaseke ndi mapasa aja. Wowotcherera zitsulo anadzuka pang'onopang'ono. Munthu ameneyu bambo ndiwo anamuphunzitsa kugwira sikuludalaiva, ndiwo anamuperekeza tsiku loyamba kusukulu.

"Mwatipha kamodzi, sizinakwane?" anatero. "Mwabwera kudzasewera pamaso pa mayi anga?"

"Mwa-mwananga—"

"Ine si mwana wanu!"

Chibakera chinawapeza pa tsaya. Anagwa chagada, mutu n'kumenya m'mphepete mwa tebulo la kanema. Wowotcherera zitsulo uja anakweza phazi, koma mayi ake anamugwira malaya.

"Basi," anatero. "Wakwana. Tiyeni."

Anadutsa pafupi ndi ine nditagwada, mutu wa bambo uli pamiyendo panga, magazi akuyenderera pa malaya oyera aja. Mayiwo anaima pang'ono, anayang'ana, n'kumasula mpango wa kumutu kwawo n'kuuponya pamiyendo panga. Tisanafike n'komwe pakhomo, woonetsa uja anali atayatsanso sewero.

Kuchipatala anawasoka n'kutibweza tsiku lomwelo. Pofika madzulo, kanema amene anthu anajambula m'holo muja anali m'foni ya aliyense. Wina anali atamulumikiza ndi gawo la sewero, uku wosewera, uku bambo, onse akuchita chibwibwi nthawi imodzi, pansi atalemba kuti mwini wake wavomera.

Mlongo wanga anabwera akulira ngati mwana. Anagwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, mawa ndikukasiya makiyi. Sindingawayendetsenso anthu amenewa."

"U-ukasiya, wailesi ivuuka mumtsinje?" anatero bambo. "Mwa-mwana akubwera. Pita ku ntchito."

Anapitadi. Sindinamuletse, ndipo sindinamulankhulenso za nkhaniyi.

Kachipinda kaja sitinakatsegulenso. Bambo anachira bala, koma anasiya kutuluka. Ankakhala pampando wa kuchipinda kwawo, nsalu ya pawindo ili chitsekere, foni ili m'manja. Poyamba ndinkaganiza kuti akumvera nyimbo. Tsiku lina nditabwera kuchokera kusukulu ndinamva kulira kwa mfuti kuchokera kuchipindako, kenako phokoso la chinthu chogwera m'madzi, kenako mfuti zomwezo, kenako madzi omwewo. Ankabwereza malo amodzimodzi.

Ndinalowa n'kukhala pabedi.

"Bambo, mukudzizunziranji? Ndipatseni foniyo."

Sanandipatse. Anaimitsa chithunzi n'kundionetsa.

"Ta-taona mwala uwu. Unalipo. Ndi mtengo wopsa uwu, u-unalipo. Madzi anali ofiirira chonchi. La-lamba wa kumanzere ankavuta kumasula, taona akuvutika naye. Zo-zonsezi ndikuzikumbuka."

"Chifukwa munawauza ndinu."

"Ndikatseka maso ndi-ndimaona wailesi ikumira. Thovu likutuluka. Kale sindinkaona zimenezi." Anandiyang'ana, ndipo maso awo anali ngati a mwana wotayika pamsika. "Mutuwu u-unagwedezeka ndi bomba. Mwina ndinaiwala. Mwina ndi-ndinadzipangira nkhani ina kuti ndizigona tulo."

"A Sajeni ananena pamaso panga kuti anachita kukukokani."

"Sa-sajeni amaiwala ngakhale dzina la mkazi wake."

"Nanga kachitsulo kali m'khosimo? Nanga msana umene umakupwetekani mvula ikamabwera? Bambo, simunataye wailesi. Munamubereka mnzanu. Ine ndikudziwa."

Anandisisita dzanja mofatsa, monga ankachitira ndili wamng'ono ndikanena zinthu zopanda mutu.

"I-iwe kunalibe, mwanawe," anatero.

Anadina foni ija, mfuti n'kuyambanso kulira.